Mamita 305 m'masekondi osakwana anayi: Physics ya mpikisano wa drag

Tsiku limene ndinaonera koyamba kanema wa mpikisano wa drag pa foni, ndinaganiza kuti kanemayo wadumpha chifukwa cha netiweki. Magalimoto awiri ataliatali, oonda ngati bwato koma okhala ndi matayala akumbuyo aakulu ngati migolo, anaima moyandikana. Nyali zinathwanima, kunamveka chiphokoso, kenako ndinangoona maparachuti atatambasuka patali. Basi, mpikisano watha. Pa bolodi panalembedwa 3.7, ndipo amenewo anali masekondi.

Ndinabwezanso kanemayo kangapo, kenako ndinatenga kakyuleta. Zomwe ndinapeza ndi zomwe ndikufuna tiwerengere limodzi lero, chifukwa ma equation a motion amene mukuloweza pokonzekera MSCE amaoneka poyera pa masewero amenewa. Funso lotitsogolera ndi ili: n'chiyani chimene chimaika malire pa kuthamanga kwa galimoto? Ambiri amayankha msangamsanga kuti ndi injini. Injini ili ndi mbali yake ndithu, koma muona kuti nkhani yaikulu yagona pa zinthu zina ziwiri: pomwe tayala lakhudza msewu, ndi malo oimira.

Drag ndi chiyani?

Drag racing ndi mpikisano wa magalimoto awiri, kapena njinga zamoto ziwiri, pa msewu wowongoka wopanda khona ngakhale imodzi. Onse amayamba ataima. Woyamba kudutsa mzere womaliza wapambana, ndipo amakakumana ndi wina mu ndime yotsatira mpaka patatsala mmodzi. Mtunda wachikhalire ndi kota ya mailo imodzi, yomwe ndi mamita 402.

Masewerowa anabadwira ku California, m'dziko la America. M'zaka za m'ma 1930 anyamata okonda kukonza magalimoto ankakathamangitsana pa nyanja zouma za m'chipululu cha Mojave. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ambiri anayamba kupikisana m'misewu ya m'tauni, ndipo apolisi ndi anthu wamba anadandaula chifukwa cha ngozi. Mu 1950 pa bwalo la ndege la ku Santa Ana panayamba mipikisano yokhazikika, ndipo mu 1951 Wally Parks anakhazikitsa bungwe la National Hot Rod Association, mwachidule NHRA. Cholinga chake chachikulu chinali kuchotsa mpikisano m'misewu ya anthu n'kuupititsa pa malo otchingidwa, okhala ndi malamulo. Kuchokera kumeneko masewerowa anafalikira kwina. Ku England kuli Santa Pod Raceway, yomwe inatsegulidwa mu 1966 pa bwalo lakale la ndege zankhondo, ndipo ku South Africa kuli Tarlton International Raceway pafupi ndi Krugersdorp.

Magalimoto amapikisana m'magulu osiyanasiyana. Othamanga kuposa onse ndi a gulu la Top Fuel, omwe aja ndati ndi oonda ngati bwato. Amenewa ku America masiku ano amathamanga mafiti 1,000 okha, omwe ndi mamita 305. Chifukwa chake ndifotokoza kutsogoloku, ndipo ndi nkhani yachisoni.

Tiyeni titenge kakyuleta

Mamita 305 ndi pafupifupi mabwalo atatu a mpira wamiyendo kuwandandalika m'litali. Mu 2019, pa Maple Grove Raceway ku Pennsylvania, Brittany Force anadutsa mtunda umenewu m'masekondi 3.623. Mu 2022 iye yemweyo anafika pa liwiro la mamailo 338.94 pa ola, omwe ndi makilomita pafupifupi 545 pa ola. Atsikana, mwamva? Ndipo si woyamba: Shirley Muldowney anali katswiri wa Top Fuel m'zaka za 1977, 1980 ndi 1982.

Kuti masamu asavute titenge masekondi 3.7. Acceleration ndi kuwonjezeka kwa liwiro pa sekondi iliyonse. Galimoto ikuyamba itaima, choncho u = 0, ndipo s = ut + ½at² ikusanduka s = ½at². Tikasintha, a = 2s ÷ t². Ndiye 2 × 305 = 610, ndipo 3.7 × 3.7 = 13.69. Tikagawa tikupeza pafupifupi 45 m/s².

Nambala imeneyi payokha singakudabwitseni, choncho tiyerekeze. Mango akagwa mu mtengo, acceleration yake ndi pafupifupi 10 m/s², yomwe timaitcha g. Galimoto iyi ikupita kutsogolo ndi acceleration yoposa kanayi ya chinthu chakugwa. Dalaivala wolemera makilogalamu 60 amakanikizidwa pa mpando ndi force yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 270. Tangoganizani mwagona chagada, wina n'kukusanjikizani matumba asanu a chimanga.

Tsopano tiyese kupeza liwiro lomaliza ndi v = u + at. Tikuchulukitsa 45 ndi 3.7, tikupeza pafupifupi 165 m/s, yomwe ndi makilomita oposa 590 pa ola. Koma liwiro lenileni ndi pafupifupi 150 m/s. Talakwitsa pati? Sitinalakwitse kuwerengera ayi. Ma equation athu aja amagwira ntchito pamene acceleration sikusintha, pomwe pa galimoto yeniyeni imasintha. Imakhala yaikulu kwambiri m'gawo loyamba, moti galimoto imafika pa makilomita 160 pa ola sekondi imodzi isanathe, kenako imachepa pamene mpweya ukuikankha mwamphamvu kutsogolo. Kumbukirani zimenezi m'mayeso: mukaona mawu akuti uniform acceleration mu funso, sanaikidwe pamenepo mongokongoletsa.

Injini yomwe imamwa mafuta okhala ndi okosijeni

Galimoto wamba ya banja imakhala ndi horsepower pakati pa 100 ndi 150. Ya Top Fuel imatulutsa pafupifupi 11,000, kuchokera mu injini ya masilinda 8 ya malita 8.2. Chinsinsi chake chili m'mafuta. Samwa petulo. Imamwa nitromethane, CH₃NO₂, yosakaniza ndi methanol pang'ono: magawo 90 pa 100 aliwonse ndi nitromethane.

Chodabwitsa n'chakuti kilogalamu imodzi ya nitromethane ili ndi energy yochepa kuposa ya petulo: pafupifupi 11 MJ, pomwe petulo ali ndi pafupifupi 44 MJ. Nanga amaikonderanji? Taonaninso formula ija. Muli ma atomu awiri a okosijeni. Moto sungayake popanda okosijeni, ndipo vuto la injini iliyonse ndi loti mu silinda mumalowa mpweya wochepa. Kuti muwotche kilogalamu imodzi ya petulo pamafunika mpweya wolemera makilogalamu 14.7. Nitromethane imabwera ndi okosijeni wakewake, choncho imangofuna makilogalamu 1.7. Izi zikutanthauza kuti ndi mpweya womwewo mukhoza kuwotcha nitromethane wochuluka kuposa kasanu ndi katatu. Werengani nokha: kilogalamu imodzi ya mpweya ndi petulo ikupereka 44 ÷ 14.7, pafupifupi 3 MJ. Ndi nitromethane ikupereka 11 ÷ 1.7, pafupifupi 6.5 MJ. Kuposa kawiri.

Pamwamba pa injini palinso supercharger, chipangizo chopopera mpweya m'masilinda mokakamiza, ndipo silinda iliyonse ili ndi mapulagi awiri. Ulendo umodzi, kuphatikiza kutenthetsa injini, umatha malita oposa 40. Injiniyo imazunzika kwambiri moti amakanika amaimasula n'kuimanganso pakatha ulendo uliwonse.

Mphamvu zonsezo zidutse pa tayala

Apa ndiye pali mtima wa nkhani. Injini imangozunguza matayala. Chimene chimakankha galimoto kupita kutsogolo ndi msewu. Tayala limakankha msewu kumbuyo, msewu n'kukankha tayala kutsogolo, monga momwe lamulo lachitatu la Newton limanenera. Ndipo force imeneyi ndi friction. Amene munaonapo lole itatitimira m'matope nthawi ya dzinja mukudziwa: injini ikulira, matayala akuzungulira, koma lole ili pomwepo.

Galimoto ya Top Fuel pamodzi ndi dalaivala imalemera makilogalamu oposa pang'ono 1,000. Titenge 1,050. Ndi F = ma tikupeza 1,050 × 45, pafupifupi 47,000 N. Kulemera kwake, mg, ndi 10,500 N basi. Ndiye kuti friction iyenera kuposa kulemera kwa galimoto kanayi ndi theka. Tayala wamba pa tala wouma limapereka friction yosapitirira kwenikweni kulemera komwe lanyamula. Muike injini ya 11,000 horsepower pa matayala a minibasi, mungoona utsi.

Ndiye amatani? Amachita zinthu zingapo nthawi imodzi.

Choyamba ndi tayala lenilenilo. Lakumbuyo ndi lalitali pafupifupi masentimita 90, m'lifupi oposa 40, la mphira wofewa, losalala lopanda mizere. Amapopamo mpweya wochepa, pafupifupi kota ya umene umalowa m'tayala la galimoto wamba. Ponyamuka, m'mbali mwa tayala mumachita makwinya ngati nsalu yofinyidwa, ndipo gawo lokhudza msewu limakula. Liwiro likakwera tayala limatalika n'kuonda chifukwa cha kuzungulira, ndipo kutalika kumeneku kumagwira ntchito ngati kusintha giya.

Chachiwiri ndi burnout. Asanapikisane, dalaivala amadutsitsa matayala m'madzi n'kuwazunguza dala mpaka utsi uti tolo. Owonera amasangalala, koma ntchito yake ndi kutsuka tayala, kulitenthetsa kuti lizimata, ndi kusiya mphira watsopano pa malo onyamukira.

Chachitatu ndi msewu. Gawo loyamba limakhala la konkire, ndipo ogwira ntchito amakoka matayala akale ndi thirakitala kuti apake mphira pamwamba pake, kenako amapopera mankhwala omata. Msewu umamata kwambiri moti munthu akamayendapo nsapato zimakakamira. Apa mphira ukugwira msewu ngati guluu, chinthu chimene formula ya m'kalasi ya F = μN sichifotokoza mokwanira.

Chachinayi ndi kukanikiza galimoto pansi. Mapaipi a utsi analoza kumwamba, choncho utsi ukamatuluka mwamphamvu umakankha galimoto pansi, lamulo lachitatu lija kachiwiri. Kumbuyo kuli phiko lalikulu lomwe limagwira ntchito ngati phiko la ndege lotembenuza: liwiro likakwera limakanikiza matayala ndi force yoposa kulemera kwa galimoto yonse. N ikakula, friction imakulanso.

Nayonso injini ili kumbuyo kwa dalaivala, pafupi ndi matayala oyendetsa. Kale inkakhala kutsogolo kwake. Pa 8 March 1970, pa Lions Drag Strip ku California, giyabokosi ya galimoto ya Don Garlits inaphulika ponyamuka, n'kudula galimoto pakati komanso mbali ya phazi lake lakumanja. Atachira anabwera mu 1971 ndi galimoto ya injini kumbuyo, inapambana, ndipo posakhalitsa ena onse anatsatira.

Chomaliza ndi kilachi. Magalimoto a masiku ano alibe magiya osintha. Kilachi imagwira pang'onopang'ono motsatira nthawi yomwe amakanika aikonzera, kuti mphamvu isafike yonse pa tayala nthawi imodzi. Tayala likangoyamba kuterereka friction imatsika, utsi umatuluka, ndipo mpikisano wathera pomwepo. Ndiye kuti akatswiriwa amakhalira kuchepetsa mphamvu ya injini yawo yomwe kuti igwirizane ndi zomwe msewu ungalandire tsiku limenelo. Dzuwa likawotcha msewu, amasintha. Kukazizira, amasinthanso.

Nyali zoyambira ndi nthawi ya ubongo wanu

Akulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Pa drag kuyambira limodzi kumeneku kumayendetsedwa ndi mlongoti wa nyali umene amautcha Christmas tree. Pa mzere woyambira pamadutsa kuwala kopingasa msewu, ndipo tayala lakutsogolo likakutchinga, nyali yapamwamba imasonyeza kuti galimoto yakonzeka. Kwa akatswiri, nyali zitatu zachikasu zimayaka pamodzi, ndipo pakatha masekondi 0.4 yobiriwira imayaka. Wonyamuka yobiriwira isanayake amayatsa yofiira, ndipo wagonja.

Wotchi ya galimoto imayamba kuwerenga pamene galimotoyo yachoka pa mzere, osati pamene nyali yayaka. Choncho pali nthawi ziwiri: ya dalaivala ndi ya galimoto. Tiyerekeze chonchi. Woyamba wachedwa masekondi 0.09 kunyamuka, n'kuthamanga 3.70, zonse pamodzi 3.79. Wachiwiri wachedwa 0.04, n'kuthamanga 3.73; zonse pamodzi 3.77. Wachiwiriyo wapambana ngakhale galimoto yake inali yochedwerapo. Kusiyana kwa masekondi 0.02 pa liwiro la 150 m/s ndi mamita atatu.

Mukhoza kuyeza nthawi yanu m'kalasi momwemo. Mnzanu agwire lula ya masentimita 30 kumwamba, inu muike zala ziwiri pa ziro osaikhudza. Akaisiya mosakuchenjezani, igwireni msanga, muone pomwe zala zafika. Gwiritsani s = ½gt². Ngati lula yagwa masentimita 20, ndiye 0.2 = 5t², ndipo t = 0.2. Anthu ambiri amapeza chapamenepo. N'chifukwa chake madalaivala a drag sadikira nyali yobiriwira: amaponda akangoona yachikasu, kuti nthawi ya ubongo, ya phazi ndi ya galimoto ithere m'masekondi 0.4 aja.

Kuima ndiye nkhani yovuta

Tsopano galimoto yadutsa mzere womaliza pa 150 m/s. Pa liwiro limeneli bwalo la mpira limatha m'masekondi 0.7. Kinetic energy yake ndi ½mv²: ½ × 1,050 × 150 × 150, pafupifupi ma joule 11,800,000. Galimoto yomweyo pa makilomita 100 pa ola, kapena kuti 27.8 m/s, ikanakhala ndi pafupifupi 405,000. Liwiro lakwera kasanu ndi theka osakwana, koma energy yakwera ka 29. Kachiwiri kakang'ono kali pamwamba pa v kaja ndi kamene kachita zimenezi.

Energy yonseyi iyenera kupita kwinakwake galimoto isanaime. Mabuleki okha sangathe msanga, choncho dalaivala amatulutsa maparachuti awiri omwe amaikoka kumbuyo pogwiritsa ntchito mpweya. Pambuyo pa mzere womaliza pamakhala msewu wina wautali woimira, womwe pa malo ambiri umaposa mtunda wa mpikisano weniweniwo. Kumapeto kwake kuli dzenje la mchenga ndi maukonde, zodikira galimoto imene yakana kuima.

Pa 21 June 2008, ku Englishtown m'boma la New Jersey, Scott Kalitta, yemwe anali katswiri wa Top Fuel mu 1994 ndi 1995, ankayendetsa galimoto ya gulu la Funny Car. Amenewa amagwiritsa injini ya nitromethane ngati yomweyi, koma ali ndi thupi looneka ngati la galimoto wamba. Injini inaphulika pafupi ndi mzere womaliza, pa liwiro la makilomita pafupifupi 480 pa ola. Maparachuti anawonongeka ndipo sanagwire ntchito bwino. Galimoto inadutsa msewu woimira wonse, inadutsa mumchenga, n'kukawomba zinthu zolimba kumapeto. Kalitta anamwalira ali ndi zaka 46.

Patangopita masabata ochepa, NHRA inafupikitsa mtunda wa Top Fuel ndi Funny Car kuchoka pa mamita 402 kufika pa 305. Mabwalo ambiri anamangidwa kale, magalimoto asanafike pa liwiro lotere, ndipo ena analibe malo owonjezera kumapeto. Kusuntha mzere womaliza kunapatsa madalaivala mamita ena 97 oimira, komanso kunachepetsa nthawi imene injini imakhala ikuvutika pa mphamvu yake yonse. Ndi chifukwa chake masamu athu aja tinayamba ndi 305.

Masamu omwewa pa msewu wa kwanu

Galimoto ya Top Fuel mwina simudzaikwera, koma v² yomweyi mumakumana nayo tsiku lililonse podutsa msewu popita kusukulu. Titenge galimoto wamba yokhala ndi mabuleki abwino pa tala wouma, yomwe liwiro lake limatsika ndi 7 m/s² dalaivala akaponda buleki. Gwiritsani v² = u² + 2as, pomwe v = 0.

Pa makilomita 50 pa ola, u ndi 13.9 m/s, ndipo galimoto iima itayenda mamita pafupifupi 14. Pa makilomita 100 pa ola, u ndi 27.8 m/s, ndipo iima itayenda mamita pafupifupi 55. Liwiro lawirikiza kawiri, mtunda woimira wawirikiza kanayi. Apo sitinawonjezere nthawi ya dalaivala. Iye sakudikira nyali ngati wa pa drag uja. Mwina akuyang'ana kumbali kapena akucheza. Akatenga sekondi imodzi asanaponde buleki, pa 100 paja wayenda kale mamita 28. Zonse pamodzi ndi mamita oposa 80, pafupifupi bwalo lathunthu la mpira. Mvula ikagwa kapena matayala akakhala otha, friction imatsika ndipo mtunda umatalikanso.

Dalaivala wa Top Fuel ali ndi msewu womata, makoma m'mbali, zovala zosagwira moto, maparachuti, mchenga, maukonde ndi ambulansi yodikira, ndipo kutsogolo kwake kulibe munthu wapansi, njinga ya kabaza kapena mbuzi. Ngakhale zili choncho anthu amafabe, monga tamvera za Kalitta. Amene amathamangitsana pa msewu wa anthu alibe chilichonse mwa zimenezi. Mukamaona galimoto ikubwera n'kumaganiza kuti muwoloka isanafike, kumbukirani mamita 80 aja. Ndipo mukakwera galimoto kapena njinga yamoto imene woyendetsa wake akupikisana ndi mnzake, muli ndi ufulu womuuza kuti, "Achimwene, chepetsani kapena nditsike."

Nayi ntchito yoti muyese nokha. Magalimoto a gulu la Pro Stock amayendera petulo ndipo amathamangabe mamita 402, omwe amawamaliza m'masekondi pafupifupi 6.5. Pezani acceleration yawo ndi s = ½at², muigawe ndi g, kenako muyerekeze ndi ya Top Fuel. Mukatero pezani liwiro lomaliza ndi v = at, ndipo mufotokoze chifukwa chimene liwiro lenileni liyenera kukhala locheperapo kuposa yankho lanu. Kayeseninso za lula zija ndi anzanu asanu, mulembe zotsatira, kenako mubwereze aliyense akuyankhula ndi mnzake pamene akudikira kugwira. Muone ngati masentimita akhala omwewo.